Ntchito ya mabuleki sithera pa kumanga tayala

Mu mzinda wa Tete, mwezi wa Okutobala ukafika, munthu wofuna kugwira zitsulo amayenera kulawirira. Ikangokwana 9 koloko m'mawa, sipanala imene yaiwalika padzuwa sigwirikanso ndi manja, pakuti masiku amenewa kutentha kumapyola madigiri 40 mosavuta konse. N'chifukwa chake bambo wina wokhala ku Matundo, tsidya la Zambezi loyang'ana ku Moatize, adadzutsa mwana wa mlongo wake kusanache tsiku lina Loweruka, namuuza kuti atulutse jeke ndi thumba la masipanala akaziike pansi pa mtengo wa masau umene uli pabwalo pao.

Bamboyu kwao ndi ku Angónia, ndipo ku Tete adatsatirako geni. Ali ndi pikiapu yakale ya Toyota imene adaigula kwa munthu wina, amene nayenso adaigula kwa wina. Kawiri pa sabata imakwera mtunda kukatenga kachewere, kabichi ndi nyemba ku Ulónguè ndi ku Tsangano, n'kutsika nazo kudzagulitsa pa msika wa Kwachena. Pamwamba pa matumbapo sipasowa anthu: mai wopita ndi mwana ku chipatala chachikulu cha ku Tete, mnyamata wokafuna ganyu ku Moatize, gogo wokaona zidzukulu. Inu a ku Dómuè, a ku Calómuè, a ku Biriwiri ndi a ku Zóbuè, galimoto zotere mumazidziwa bwino, chifukwa ndinu amene mumakhala kumbuyoko mutagwira chingwe. Choncho nkhani ya mabuleki si ya eni galimoto okha ai.

Galimotoyi idali itayamba kale kudandaula. Poyamba kadali kaphokoso kakang'ono, kolira ngati mluzu, nthawi iliyonse bamboyu akaponda buleki. Iye adangokweza wailesi. Komatu kamluzu kameneka si ka chabe: opanga mapadi ambiri amaikako dala kachitsulo kakang'ono, kuti padi ikatsala pang'ono kutha kachitsuloko kazikhula pa disiki n'kumalira, ngati mlonda wodzutsa mwini nyumba. Patapita masabata atatu mluzu uja udasanduka kukukuta, monga munthu akunola khasu pamwala, ndipo chiongolero chidayamba kunjenjemera m'manja potsika zitunda. Tsiku lina pa mlatho wa Samora Machel, pamene magalimoto amayenda mothithikana, adatsala pang'ono kulowa kumbuyo kwa chapa imene idaima mwadzidzidzi. Mai a kunyumba adali momwemo, ndipo madzulo ake sadabise mau: "Abambo, galimoto imeneyi mukapanda kuikonza, ana anga asadzakweremonso."

Kwa amene sadasuzumirepo kuseri kwa tayala, zinthu zake zili motere. Mkati mwa tayala lakutsogolo muli chitsulo chonga mbale yaphwatalala, chimene chimazungulira pamodzi ndi tayalalo. Amakaniko a ku Malawi amati disiki, a ku Tete amati disco. Mbaleyi imadutsa pakati pa tizidutswa tiwiri, ndiwo mapadi, amene m'masitolo a mu mzindawu muyenera kuwatchula kuti pastilhas kuti wogulitsa akumveni. Dalaivala akaponda buleki, mafuta amathamanga m'mapaipi n'kukankha pisitoni, pisitoni n'kukankha mapadi, mapadi n'kupana mbale ija monga momwe munthu amapanira mbale ya ndiwo ndi zala ziwiri. Chitsulo chosunga mapadi ndi pisitoni ndicho amati kalipa. Liwiro lonse la galimoto limathera pamenepo, n'kusanduka kutentha. Padi yatsopano nyama yake imakhala yokhuthala mamilimita 10 kapena 12, ndipo ikafika pa 3 ndiye kuti yatha ntchito. Mapadi a bamboyu adalibe nyama ndi pang'ono pomwe. Chitsulo chinkadya chitsulo chinzake, ndipo madisiki onse awiri adali ndi mizere ngati munda woyembekeza mvula yoyamba.

Mseu naonso ndi wodya mabuleki. Ulónguè ili pamwamba, mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Tete ili pansi, pa mamita osakwana 200. Ndiye kuti galimoto yolemedwa ndi kachewere, kuchokera ku Angónia kudzera pa mphambano ya Mussacama mpaka ku Moatize, imatsika kilomita yathunthu kulowa pansi, ndipo katundu yense akamakankha kuchokera kumbuyo, mbali yaikulu ya ntchito yoimitsa imagwera mabuleki akutsogolo. Akuluakulu akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ili mkati, magalimoto ankayenda mseu wa ku Zóbuè mondondozana, moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ndipo chimene munthu ankaopa ndi mfuti za m'tchire. Mtendere udabwera mu 1992. Koma zitunda zija sizidasaine nao panganolo.

Ku garaja adamuuza mtengo umene udamukhalitsa chete, motero bamboyu adaganiza zogula yekha zitsulo n'kudzamanga pakhomo. Palibe cholakwika pamenepo. Kusintha mapadi si ntchito yofuna mapepala a sukulu, ndipo ndalama imene munthu angapulumutse ndi ya ufa wa masiku angapo. Mwai wake udali wakuti nyumba yoyandikana ndi yake mumakhala mkulu wina amene adagwira ntchito ya umakaniko zaka zambiri, ndipo anthu onse a m'deralo amangomuitana kuti Mestre. Mkuluyu ndiye adamuperekeza ku sitolo Lachisanu, atamuuza kuti atenge livrete, kabuku ka galimoto kaja, popeza ma Toyota a mtundu umodzi omwewo amasiyana mapadi malinga ndi chaka ndi dziko limene adachokera.

Masitolo a zitsulo za galimoto ku Tete ndi ambiri zedi, makamaka chichulukireni magalimoto pamene kampani ya Vale idayamba kukumba malasha ku Moatize mu 2011, mgodi umene idadzagulitsa kwa Vulcan mu 2022. Koma kuchuluka kwa masitolo sikutanthauza kuchuluka kwa katundu wabwino. Bokosi lolembedwa dzina la kampani yotchuka aliyense angathe kulisindikiza, ndipo mapadi achinyengo ena nyama yake imakanganuka pa chitsulo ikatentha kwambiri. Mestre adatsegula mabokosi atatu, adatembenuza mapadi, adapima kulemera kwake m'manja, nasankha a mtengo wapakati. Mkangano udabuka pa madisiki. Bamboyu adafuna kugula imodzi yokha, ya kumanzere, imene idadyeka kwambiri, n'kusiya inayo.

"Achimwene," adatero Mestre, "nsapato mumagula ya phazi limodzi? Mukaika yatsopano uku, yakale uku, galimoto izikokera mbali imodzi mukaponda buleki, ndipo tsiku lamvula tidzakutolani m'ngalande."

Bamboyu adafunsanso ngati sangakapalitse madisiki akale pa makina kuti asalale. Zimenezi zimatheka ndithu, koma zili ndi malire. M'mbali mwa disiki mumakhala zilembo zakuti MIN TH ndi nambala pambali pake, ndipo nambala imeneyo ndi mamilimita amene disiki siyenera kupyapyala kupitirira pamenepo. Disiki yopyapyala imatentha msanga ndipo ingathe kung'aluka. Ake adali atafika kale pamalirepo. Adagula awiri, nkhope ili gwaa.

Tsono m'mawa wa Loweruka lija, Mestre akulowa pabwalo ndi kapu ya tiyi m'manja, adapeza mnyamata uja akuunjika njerwa pafupi ndi galimoto, zoti aikhazikepo akainyamula.

"Iwe mnyamata, njerwazo ukufuna kumanga manda a amalume ako?"

Mnyamatayo adaseka, koma mkuluyo sadaseke. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimaphwanyika kamodzin'kamodzi, zosayamba zachenjeza, ndipo jeke ntchito yake ndi kunyamula basi, osati kusunga galimoto munthu ali ndi mutu kunsi kwake. Adamtuma kukatenga masitandi achitsulo ku nyumba kwake. Adakoka handibuleki, adaika giya, adatsekera matayala akumbuyo ndi miyala ikuluikulu, ndipo manati a tayala adawamasula pang'ono galimoto ikadali pansi, chifukwa tayala lili m'malere limangozungulira. Tayala litachoka adaligoneka kunsi kwa galimoto, kuti china chikalakwika chitsulo chidzagwere pamenepo osati pa mwendo wa munthu. Adayamba mbali imodzi yokha, ina adaisiya yomanga, kuti akasokonezeka azikaonera momwe tizitsulo tating'onoting'ono timakhalira.

Mnyamatayo adali wachangu, ndipo changu chakecho ndicho chidapatsa Mestre ntchito. Ataona fumbi lakuda pa kalipa adatukumula masaya kuti aliuzire. Mkuluyo adamugwira phewa. Mapadi ena, makamaka akale ndi otchipa, angathe kukhala ndi asbestos, amene fumbi lake likalowa m'mapapo silitulukanso, ndipo limadzayambitsa matenda oopsa, ngakhale khansa, patapita zaka zambiri. Fumbi limeneli amalipukuta ndi kansanza konyowa, kansanzako n'kukataya. Posakhalitsa mnyamata yemweyo adamasula mabawuti a kalipa n'kuisiya ikulendewera pa paipi ya labala. Paipi imeneyi ndiyo imanyamula mafuta, ndipo ikakokeka imaonongekera mkati, kumene diso siliona, n'kudzaphulika tsiku lina pa chitunda. Adaimangirira kalipayo ndi waya pamwamba.

Pochotsa disiki Mestre adati onse apatuke, agwire yekha. Pa galimoto zambiri zing'onozing'ono disiki imangosololoka kalipa ikachoka, koma pa mapikiapu akale ambiri imamangidwa kuseri kwa habu, ndiye pamafunika kuchotsa habu yonse pamodzi ndi mabering'i ake, kuwatsuka, kuikamo girizi watsopano, ndi kumanga nati yake mwa muyezo, osathinitsa kwambiri komanso osalekerera. Apa ndi pamene munthu wosadziwa ayenera kuvomereza kuti sadziwa, paja safunsa adadya phula. Mkuluyo adapala dzimbiri lonse pamene disiki imakhala, chifukwa kadzimbiri kochepa kokha kamapendeketsa disiki yatsopano, chiongolero n'kuyambanso kunjenjemera mwezi usanathe, mwini wake n'kumatukwana wa sitolo wosalakwa. Madisiki atsopanowo adawatsuka bwinobwino, popeza amabwera opakidwa mafuta oteteza ku dzimbiri.

Kenaka idafika nthawi yobweza pisitoni. Mapadi akamatha, pisitoni imanka ituluka kuwatsatira, ndipo mapadi atsopano, pokhala okhuthala, sangalowe pokhapokha pisitoniyo itabwezedwa mkati. Adatsegula boneti, adachotsa chivindikiro cha kabotolo ka mafuta a mabuleki, adaika padi yakale pa pisitoni n'kuifinya pang'onopang'ono ndi kilampu. Mafuta adayamba kukwera m'kabotolo mpaka kusefukira, chifukwa bamboyu ankangothiramo ena nthawi iliyonse akaona kuti atsika, osadziwa kuti kutsika kumeneko kudali uthenga wakuti mapadi akutha. Adathamangira kupukuta ndi kutsuka ndi madzi, pakuti mafuta amenewa amadya penti. Timapini timene kalipa imasererekapo adatipaka girizi wa mabuleki, pang'ono chabe. Pa nkhope ya padi ndi pa disiki sipafika girizi kapena mafuta a mtundu wina uliwonse, ngakhale chala chonona.

Pofika 11 koloko mbali zonse ziwiri zidali zitatha, malaya a onse atatu ali chonyowa. Manati a matayala adawamanga modumphitsa, iyi kenaka yoyang'anana nayo, kuti tayala likhale molingana. Galimoto idatsitsidwa, manati adalimbitsidwanso. Nthawi yomweyo kadabwera kamdzukulu ka Mestre kudzanena kuti kunyumba kwafika alendo. Mkuluyo adanyamula masitandi ake, nati akutuluka pa mpanda, "Mundidikire, musaigwedeze." Bamboyu adapita kuseri kukasamba m'manja. Mnyamata uja, amene adali atangoyamba kumene kuphunzira kuyendetsa, adaona kuti matayala amangidwa, ndiye kuti ntchito yatha. Adachotsa miyala ija, adalowa m'galimoto, adailiza, adatsitsa handibuleki, naika giya yobwerera m'mbuyo kuti aichotse pamthunzi anthu apeze pokhala.

Bwalo la nyumbayi ndi lotsetsereka pang'ono. Kumunsi kwake mai a kunyumba ankatsuka mbale pafupi ndi mgolo wa madzi, kamwana kao ka zaka ziwiri kakusewera ndi chivindikiro cha poto. Galimoto itayamba kuyenda mnyamatayo adaponda buleki. Phazi lidangoti fwaa, mpaka pansi, ngati waponda m'matope.

"Amalume! Yakana!"

Maiwo adangomva kukuwako, adatembenuka, adakoka mwana ndi mkono umodzi nagwera naye kumbali. Galimoto idaponda mbale zija, idagunda mgolo, idaukankha mpaka pa khola la mbuzi, ndipo injini idazima pamenepo mitengo ya khola itathyoka itatu. Mbuzi, zomwe zija ku Tete amazinyadira kuti nyama yake ilibe inzake, zidatulukira pa chibowocho n'kubalalika m'Matundo monse. Palibe adaseka. Maiwo adakhala pansi mwana ali pachifuwa, osalankhula kanthu kwa nthawi yaitali.

Mestre adabwera chothamanga, nsapato imodzi yokha kuphazi. Ataona kuti palibe wavulala, adalowa m'galimoto osailiza, nayamba kuponda buleki n'kusiya, kuponda n'kusiya. Ulendo woyamba phazi lidapita pansi. Wachiwiri chimodzimodzi. Pofika wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi chopondera chidalimba ngati mwala.

Panalibe chimene chidaonongeka, ndipo panalibe chimene adamanga molakwika. Pisitoni zija adazibweza mkati ndi kilampu zidali zikadali komweko, kutali ndi mapadi. Mafuta a kuponda koyamba amathera kuzikankha kuti zifike pamalo pake, ndipo mpaka zitafika galimoto imakhala ilibe mabuleki akutsogolo ngakhale zitsulo zonse zili zatsopano. Ndi ntchito ya theka la mphindi, yosafuna sipanala ngakhale ndalama, koma ndi imene imaiwalika kawirikawiri, chifukwa maso amaona tayala lomangidwa n'kuuza mutu kuti zatha. Cholakwa sichidali cha mnyamata yekha ai. Makiyi adasiyidwa m'galimoto ndi akuluakulu, ndipo amene ankadziwa chifukwa choletsera adangoti musaigwedeze, osanena kuti n'chifukwa chiyani. Mwana ukamuletsa osamuuza chifukwa amaganiza kuti ukungomuderera. Chopondera chikakana kulimba ngakhale mutapopa kangapo, kapena chikamamira pang'onopang'ono phazi lili pomwepo, ndiye kuti mwalowa mpweya kapena mafuta akutayikira penapake, ndipo galimoto yotero isachoke pabwalo mpaka makaniko aione.

Mbuzi zitapezeka, ndipo dzuwa litapendeka, Mestre adakwera ndi bamboyu kukayesa galimoto pa kamseu kopanda anthu, osati pa mlatho. Adamuuza kuti azifika pa liwiro la makilomita 50 kapena 60 pa ola, n'kuponda buleki mofatsa mpaka galimoto itatsala pang'ono kuima, n'kuyambanso, kokwana kasanu ndi katatu kapena khumi, kenaka n'kuyenda pang'ono osaponda kuti zitsulo zizizire. Padi yatsopano ndi disiki yatsopano zimafuna kuzolowerana kaye, ndipo pa makilomita 200 kapena 300 oyambirira sizigwira ndi mphamvu zake zonse.

Ali m'njira mkuluyo adayang'ana mafuta a m'kabotolo kaja, amene adali akuda ngati tiyi wopanda mkaka, nafunsa kuti adasinthidwa liti. Bamboyu sadakumbukire. Mafuta a mabuleki amamwa chinyontho cha mu mpweya. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira mpaka kutentha kutapyola madigiri 205, koma akamwa madzi angathe kuwira pa madigiri 140 okha. A DOT 4 amachoka pa 230 kufika pa 155. Mafuta akawira mumalowa nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, motero phazi limapitanso pansi monga lidachitira pabwalo paja, kusiyana kwake n'kwakuti nthawi imeneyi galimoto ili pa chitunda ndi matumba ndi anthu pamwamba. Ndiko kuduka mabuleki kumene mumamva pa maliro. Opanga galimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse, ndipo m'kabotolomo musalowe oyilo wa injini ngakhale dontho, chifukwa amatupitsa malabala onse a mkati.

Ndipo pali khalidwe lina la madalaivala limene mapadi atsopano sangalichize, lochotsa giya potsika chitunda kuti apulumutse dizilo, ena mpaka kuzimitsiratu injini. Giya ikachoka katundu yense amatsamira pa mabuleki okha mpaka kupsa, ndipo injini ikazima chida chothandiza phazi kuponda chimasiya kugwira ntchito mukangoponda kawiri kapena katatu. Chitunda amatsika ndi giya yaing'ono, yomwe akadakwera nayo. Inu okhala pamwamba pa matumba zimenezi mungathe kuzizindikira msanga kuposa wina aliyense. Injini ikangoti zii potsika, kapena mukamva fungo lopsereza lochokera ku matayala, ngati chigwiriro cha poto chapsa pamoto, menyani denga la galimoto kuti aime zitsulo zizizire. Mwalipira ndalama yanu, ndipo dalaivala wanzeru sakwiya nazo. Koma asathirepo madzi pa disiki yotentha, chifukwa imapindika.

Lolemba m'mamawa pikiapu ija idanyamuka ulendo wa ku Angónia yopanda katundu. Pa Moatize, makilomita 20 kuchokera kunyumba, bamboyu adaima pambali pa mseu, adatulutsa sipanala nayesa manati onse a matayala akutsogolo monga adamuuzira Mestre, ndipo imodzi idalola kutembenuka pang'ono. Mnyamata uja sadapite nao ulendowu. Adatsala ku Matundo ndi chikwanje ndi waya, akumanga khola la mbuzi, azakhali ake akumuyang'anira ali pa mpando pansi pa mtengo wa masau, makiyi apadera a galimoto atawamangirira pa nsonga ya chitenje.